Sikuluwu Imodzi Yokhwefuka: Maganizo Anga pa Bokosi la Magetsi la M'nyumba

Chaka china m'nyengo yozizira, achemwali anga a ku Mabvuku anandidandaulira za fungo lomwe linawasowetsa mtendere sabata yathunthu. Ankati limamveka ngati nsomba yoyamba kuvunda, ndipo limabwera madzulo okhaokha. Anasesa, anakolopa, anasuntha kabati poganiza kuti kuseri kwake kwafera khoswe, koma ayi. Kenaka anayamba kukayikira mtsikana wina wochita lendi m'chipinda cha kuseri, ati mwina akusunga matemba oonongeka. Mawu anatuluka ndithu, moti awiriwa anatha masiku osapatsana moni. Tsiku lina mdzukulu wawo, poimika tsache pakona, anakhudza chivundikiro cha bokosi la magetsi nati, "Agogo, apatu pakutentha."

M'mawa mwake tinaitana mmisiri wa magetsi. Atathimitsa ndi kutsegula bokosilo, anatikodola kuti tione. Waya wina wakuda anali atapsa kumapeto, pulasitiki yake itauma n'kuyamba kuyoyoka. Pabowo limodzi panali patapanikizidwa mawaya atatu, ndipo sikuluwu yake inkazungulira yokha akangoikhudza. Mmisiriyo anapukusa mutu nati, "Mayi, mwayi wanu ndi waukulu. Apa panatsala pang'ono kuti muone moto." Achemwali anangoti, "Achimwene, ndiye mwana wa eni uja ndamulakwira eti?" Madzulo omwewo anapita kukapepesa.

Mphunzitsi mnzanga, ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa maganizo anga onse agona pamenepa. Ngozi yaikulu ya magetsi m'nyumba zathu imabisala pamalo pomwe waya amathera n'kumangidwa ndi sikuluwu. Malo amenewa safuna ndalama zambiri kuti akhale bwino. Amafuna manja osamala, komanso mwini nyumba wodziwa chofunsa. Ine si mmisiri wa magetsi, ndipo sindikufuna kuti inu mukhale mmisiri mukatha kuwerenga. Ndikufuna kuti bokosi lija lisakhalenso chinthu chachilendo kwa inu.

Kodi m'bokosimo muli chiyani?

Bokosi limeneli amisiri amalitchula kuti DB. Magetsi amachokera pa pholo kapena pansi pa nthaka, amadutsa pa mita, n'kufika m'bokosili. Kuno ku Zimbabwe amene amawafikitsa pa mita ndi ZETDC, nthambi ya ZESA, monga momwe ESCOM imachitira ku Malawi, ZESCO ku Zambia ndi EDM ku Mozambique. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, udindo ndi wa mwini nyumba. Magetsiwo amabwera ndi mphamvu ya mavolti pafupifupi 230, yokwanira kupha munthu.

M'bokosimo mumakhala switchi yaikulu yothimitsira nyumba yonse. Mumakhalanso mabureka, tizipangizo tomwe timadula magetsi tokha akamadutsa ochuluka kuposa muyeso. Bureka iliyonse ili ndi nambala, monga 10, 20 kapena 30, yosonyeza maampu omwe imalola. M'mabokosi ena mumakhalanso chipangizo chotchedwa earth leakage, chomwe chimadula magetsi akayamba kuthawira kumene sayenera kupita, mwachitsanzo kudzera m'thupi la munthu. Cha m'nyumba kawirikawiri chimalembedwa 30 mA, ndipo chili ndi kabatani koyesera.

Mawaya ake ndi a mitundu itatu. Pali wobweretsa magetsi, wotchedwa live, wobwezera, wotchedwa neutral, ndi woteteza, wotchedwa earth. M'nyumba zambiri mupeza kuti live ndi wofiira, neutral ndi wakuda, earth ndi wa girini kapena wopanda chikutiro. Pa zingwe za ketulo ndi ayironi, komanso m'mawaya ena atsopano, live ndi wa bulauni, neutral ndi wa buluu, pomwe earth ndi wa girini wosakaniza ndi chikasu. Nyumba yomwe yakhala ikuwonjezeredwa zipinda imatha kukhala ndi mitundu yonseyi m'bokosi limodzi.

Tsopano werengani malo omangirapo. Njira iliyonse ya magetsi, kaya ya mababu, ya masoketi kapena ya sitovu, ili ndi mawaya atatu, ndipo aliyense amamangidwa ndi sikuluwu yake. Bokosi la njira zisanu ndi imodzi lili kale ndi masikuluwu 18, osawerengera a switchi yaikulu ndi a kachitsulo kolumikiza mabureka. Imodzi yokha ikakhwefuka, nyumba yonse ili pangozi.

Chifukwa chiyani pomangira pamatentha?

Waya wa kopa akamangidwa bwino, magetsi amadutsa mosavuta. Akakhwefuka, amangokhudzana ndi chitsulo chinzake pa timalo ting'onoting'ono, ndipo magetsi onse amapanikizana pamenepo ngati anthu otuluka m'tchalitchi pa khomo limodzi lopapatiza. Kupanikizana kumeneku kumabala kutentha.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, poti ndife aphunzitsi. Kutentha kopangika pamalo otere timakupeza pochulukitsa maampu ndi maampu omwewo, kenaka n'kuchulukitsa ndi kukana kwa malowo, komwe kumayezedwa mu ohm. Tiyerekeze kuti pomangira poipa pali theka la ohm. Masana, pomwe pakudutsa maampu 5 okha, 5 x 5 x 0.5 akutipatsa mawati 12.5. Madzulo, ketulo, hotipuleti ndi ayironi zikayaka pamodzi n'kufika maampu 20, 20 x 20 x 0.5 akutipatsa mawati 200. Kumeneku n'kutentha kwa mababu akale aja a mawati 100 awiri, koma kutaunjikana pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga. Onani kuti magetsi atachuluka kanayi, kutentha kwachuluka ka 16. N'chifukwa chake fungo la kwa achemwali linkabwera madzulo okha.

Chikutiro cha PVC chomwe chili pa mawaya wamba a m'nyumba chinapangidwa kuti chizigwira ntchito mpaka madigiri 70. Kutentha kukapitirira kwa nthawi yaitali, chimauma, chimada, n'kusweka. Kopa nayenso akatentha amachita kachikanga kakuda komwe kamawonjezera kukana, ndipo kukana kukawonjezeka kutenthanso kumawonjezeka. Vutoli limadzidyetsa lokha mpaka tsiku lomwe moto udzabuke.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bureka ija ntchito yake n'chiyani? Funso limeneli ndi lofunika kwambiri m'nkhani yonseyi. Bureka imawerenga kuchuluka kwa magetsi odutsa basi. Ngati ndi ya maampu 30 ndipo pakudutsa 20, iyo imaona kuti zonse zili bwino, ngakhale waya womangidwa pakamwa pake akupsa. Earth leakage nayo siidula, chifukwa palibe magetsi omwe akuthawira pansi. Choncho zipangizo ziwiri zomwe timazidalira kwambiri sizilimva vuto limeneli mpaka litakula. Chomwe chimalimva msanga ndi mphuno, khutu ndi diso la munthu wokhala m'nyumbamo.

Vutoli si la mayiko osauka okha. Ku Britain, ozimitsa moto a mu mzinda wa London atadandaula za kuchuluka kwa moto woyambira m'mabokosi a pulasitiki, malamulo oyalira mawaya otchedwa BS 7671 anasinthidwa. Kuyambira mu Januwale 2016, mabokosi atsopano a m'nyumba kumeneko amayenera kukhala a chinthu chosayaka, monga chitsulo. Chimodzi mwa zifukwa zomwe zinkatchulidwa chinali mawaya osamangidwa bwino. Bokosi lachitsulo limatsekereza moto kuti usafalikire msanga, koma silimanga sikuluwu. Imeneyo ndi ntchito ya munthu.

Nyumba zathu zikusenza katundu wosayenera msinkhu wake

Makolo athu ambiri ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia anafikira m'malokeshoni monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa. Nyumba za kumeneku zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda, zazing'ono, za banja limodzi. Mawaya ake anayalidwa poganizira mababu ochepa, wayilesi ndi ayironi. Nyumba zambiri zinali ndi kachipangizo kochepetsa magetsi, komwe kankadula mukangoyatsa zinthu zingapo nthawi imodzi.

Lero nyumba yomweyo ya zipinda zinayi ili ndi mabanja atatu kapena anayi. Chipinda chilichonse chili ndi hotipuleti yake, ketulo yake, mwinanso filiji. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, timanyumba tambiri ta kuseri tinagwetsedwa, ndipo lipoti la nthumwi ya bungwe la United Nations, Anna Tibaijuka, linayerekeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ambiri anadzapanikizana m'nyumba zikuluzikulu, ndipo patapita zaka timanyumba ta kuseri tinamangidwanso. Kanyumba kalikonse katsopano kanafuna waya wake, ndipo waya ameneyo anakathera m'bokosi lakale lomwe lija. Malo atasowa, wina anangomasula sikuluwu n'kulowetsa waya wachiwiri, kenaka wachitatu, pabowo lopangidwira mmodzi.

Kuthimathima kwa magetsi kunawonjezera vuto. Mu 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, madera ambiri a mu Harare ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Magetsi ankabwera usiku anthu atagona, ndipo aliyense ankadzuka kuti aphike nyemba, asite, atenthetse madzi, zonse nthawi imodzi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Pomangira pomwe sipanathine bwino, kufutukuka ndi kubwerera kwa usiku ndi usiku kumakhwefula waya pang'onopang'ono.

Kuthawa mdimawo, ambiri tagula sola, inveta, batire ndi jenereta. Zimenezi n'zabwino, koma nazonso zimakathera m'bokosi lomwelo, nthawi zambiri polumikizidwa ndi munthu wofulumira. Popanda switchi yoyenera yosinthira pakati pa magetsi a ZESA ndi a inveta kapena jenereta, magetsi a m'nyumba mwanu angathe kubwerera ku mawaya a panja n'kupha munthu yemwe akukonza pa pholo.

Ntchito yabwino imaoneka bwanji?

Mmisiri wodziwa ntchito amachita zinthu zomwe ngakhale inu mungazione mutaima pambali pake magetsi atathimitsidwa.

Choyamba, amasenda chikutiro cha waya pa muyeso woyenera. Akasenda chochepa, sikuluwu imaluma pulasitiki m'malo moluma kopa. Akasenda chambiri, kopa amatsalira poyera pomwe chala kapena waya wina angamukhudze. Posendapo sachekerera kopa, chifukwa waya wochekerera amadzathyokera pomwepo.

Chachiwiri, ngati waya ndi wa timinga tambiri, amaonetsetsa kuti tonse talowa. Ena akaona kuti waya wakula kuposa bowo, amadula timinga tina kuti alowe. Pamenepo ndiye kuti achepetsa waya pamalo pomwe pakufunika mphamvu. Mawaya ofewa a timinga tating'ono kwambiri, monga a inveta, amawaveka kachisoti kachitsulo kumapeto n'kukafinya ndi chida chake, kuti sikuluwu isamwaze timingato.

Chachitatu, saunjika mawaya pabowo limodzi pokhapokha ngati bowolo linapangidwira zimenezo. Njira yatsopano imafuna bureka yakeyake. Ngati bokosi ladzaza, amakuuzani poyera kuti pakufunika lina lalikulu, kapena kabokosi kena ku nyumba ya kuseri.

Chachinayi, amamanga sikuluwu pa mphamvu yomwe opanga chipangizocho analemba. Pali sikuludiraiva yapadera yomwe imalira ikafika pa muyesowo. Kumangitsa mopitirira nakonso n'koipa, chifukwa kumaphwanya kopa kapena kuononga mazinga a sikuluwu. Akamaliza amakoka waya aliyense pang'ono kuti aone ngati wagwira. Akasuntha mawaya akuluakulu ochokera ku mita, amabwereranso kukaona masikuluwu ake, poti mawaya olimba otere amakhwefuka akagwedezeka.

Chachisanu, amagwirizanitsa bureka ndi kukula kwa waya. Kawirikawiri mababu amayendera waya wa 1.5 mm², masoketi wa 2.5 mm², ndipo sitovu yaikulu wa 6 mm². Bureka ilipo kuti iteteze waya. Ikamagwaigwa, ndiye kuti ikukuuzani kuti katundu wachuluka kapena pena palakwika. Kuichotsa n'kuikapo ya nambala yaikulu pa waya yemweyo kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa akukuwa usiku.

Chachisanu ndi chimodzi, amaona mtundu wa waya amene mwagula. Pamsika pamapezeka mawaya otchipa omwe kunja amaoneka ngati kopa pomwe m'kati ndi aluminiyamu. Ukawapala ndi mpeni amayera, ndipo m'manja amapepuka. Amatentha msanga kuposa kopa wa kukula komweko, komanso amafooka pansi pa sikuluwu.

Pomaliza, amayeza ntchito yake ndi zida asanayatse, amatseka mabowo onse a bokosi, ndipo amalemba pansi pa bureka iliyonse komwe ikupita.

Zimene ena anganene

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Aphunzitsi, mukulankhula ngati ndalama zimatoledwa. Mmisiri wa mapepala ndi wodula, pomwe mnyamata wa pa kona amakonza ndi mtengo wa buledi." Izi n'zoona, ndipo sindikunyoza anyamata athu odziphunzitsa okha, poti ena mwa iwo ali ndi manja abwino. Koma taonani kuti zambiri zomwe ndatchulazi sizifuna kugula kanthu. Kusenda bwino, kulowetsa timinga tonse, kukoka waya pomuyesa ndi kulemba mayina zimangofuna mphindi zochepa. Mmisiri amazidumpha akaona kuti palibe amene adzafunse. Komanso ndalama yoitanira munthu wodziwa kamodzi siingafanane ndi denga, mabulangete, masatifiketi a ana ndi miyoyo. Kuno amisiri amayesedwa ndi kupatsidwa makalasi, kalasi 1 ndiyo yapamwamba, ndipo masukulu ngati Harare Polytechnic amaphunzitsa ntchitoyi. Kufunsa khadi la munthu si chipongwe. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Wina anganenenso kuti kuuza anthu zinthu zimenezi kuwalimbitsa mtima woti azitsegula okha bokosi. Nkhawa imeneyi ndimaimva, choncho ndinene momveka: musatsegule chivundikiro chomangidwa ndi masikuluwu. Ngakhale mutathimitsa switchi yaikulu, mawaya ochokera ku mita amakhalabe ndi moto pomwe alowera. Ngati pali inveta, mbali ina ya bokosi ingakhalenso ndi moto pomwe dera lonse lili mu mdima. Ine ndaona kuti wotsegula bokosi mwachisawawa kawirikawiri ndi yemwe sadziwa zimenezi. Wodziwa amaopa, ndipo mantha akewo ndi oyenera.

Palinso nkhani ya maloja. Munthu wochita lendi amati, "Nyumba si yanga, ndikalankhula andithamangitsa." Mwini nyumba naye amati, "Bola magetsi akuyaka." Kuyambira pomwe mamita olipiriratu anayamba kuikidwa mu 2012, mabanja okhala pa nyumba imodzi amakhala pansi mwezi ndi mwezi kukambirana za ndalama ya mayunitsi. Ngati timatha kusonkherana ya mayunitsi, tingalephere bwanji kusonkherana ya mmisiri woti adzaone bokosi? Moto ukabuka susankha chipinda cha landilodi kapena cha loja. Mutu umodzi susenza denga.

Gawo lanu ndi langa

Pali zinthu zomwe aliyense angachite osagwira chida chilichonse. Madzulo, pomwe zinthu zambiri zayaka, ikani kuseri kwa dzanja louma pa chivundikiro cha bokosi. Chisatenthe. Nunkhizani ngati pali fungo la nsomba kapena la pulasitiki yopsa. Mvetserani ngati mukumveka kulira kwa "zzz" kapena kuthetheka. Onani ngati pulasitiki yasintha mtundu n'kukhala yachikasu kapena yabulauni, komanso ngati mababu amaphethira wina akayatsa ketulo. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, thimitsani switchi yaikulu ndipo itanani mmisiri tsiku lomwelo. Dinani kabatani ka earth leakage pakapita miyezi ingapo. Magetsi akapanda kuzima, chipangizocho chafa. Musaunjike makatoni, zovala kapena parafini pansi pa bokosi. Moto ukayamba pamenepo, musathire madzi magetsi asanathimitsidwe. Tulutsani anthu kaye, kenaka itanani ozimitsa moto.

Chinanso ndi kulemba. Mabokosi ambiri omwe ndawaona alibe dzina ngakhale limodzi, ndipo omwe ali nawo analembedwa m'Chingerezi chofupikitsa chomwe agogo kapena mwana sangachimve. Tsiku lina masana, gwetsani bureka imodziimodzi, onani chomwe chazima, ndipo lembani pa kapepala m'chilankhulo cha m'nyumbamo: "mababu a kutsogolo", "sitovu", "kanyumba ka kuseri", "thimitsani apa pa ngozi". Matani kapepalako pachitseko cha bokosi. Usiku wa ngozi, mu utsi ndi mdima, mwana wa zaka khumi adzadziwa pogwira.

Ife aphunzitsi timafunsidwa zambiri m'dera: kulemba kalata, kuwerenga fomu, kumasulira za kuchipatala. Anthu amamva mawu athu. Tikamanena pa msonkhano wa makolo kapena wa komiti ya sukulu kuti bureka siimva waya wokhwefuka, uthengawo udzalowa m'nyumba zambiri. Musaiwalenso kuti sukulu yanu ndi nyumba za aphunzitsi nazo zili ndi mabokosi otere. Achemwali anga anapulumuka chifukwa cha dzanja la mdzukulu lomwe linakhudza pamalopo mwangozi. Sitiyenera kudikira mwayi wotere.

Zoti muchite ndi kuganizira

1. Pezani bokosi la magetsi la kunyumba kwanu kapena la kusukulu. Osatsegula chivundikiro, lembani nambala ya bureka iliyonse ndi chomwe imathimitsa. Kodi earth leakage ilipo?

2. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9 pa mavolti 230. Werengerani maampu a zinthu zonse zomwe zimayaka nthawi imodzi kwanu madzulo. Yerekezani yankho lanu ndi nambala zomwe mwalemba mu funso 1.

3. Fotokozani m'ziganizo zisanu, ngati mukuuza kholo losapita kusukulu, chifukwa chomwe bureka siigwa pomwe waya wakhwefuka.

4. Mlembi akuti mwini nyumba ndi maloja azisonkherana ndalama yoonetsera bokosi. Kodi mukugwirizana naye? Perekani zifukwa, ndipo mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana.